Odi wa Amalume Pamaso pa Kamera

Kalekale, koma osati kale la akafula, kale lomweli la mafoni otsetsereza chala, ku Area 25 mu Lilongwe kudali abale atatu a mimba imodzi: Lonjezo woyamba, Mtendere wapakati, ndi mlongo wawo Siyeni chitsirizira. Ankakhala m'nyumba imene mayi awo adawasiyira. Onse ankalawirira ku ntchito n'kubwera dzuwa litalowa, ndipo nyumba inkaswera yokha.

Anawa adali ndi amalume awo ku Linthipe, a Jailosi Kanyumbu, amene adawalera bambo awo atamwalira. Koma pa maliro a mayi awo zidavuta. Mayiwo adanena ali moyo kuti adzaikidwe m'tauni, amalume adaumirira kutenga thupi la mlongo wawo kupita nalo kumudzi, ndipo adalalatira anawo pamaso pa anthu kuti ndi ana opanda mwambo. Zaka zisanu ndi chimodzi zidatha osapatsana ngakhale moni.

Chaka china wakuba adalowa masana n'kuyanula zovala zonse pa chingwe. Abalewo adagula kamera n'kuikhoma pamwamba pa geti, kuti chinthu chikayenda izitumiza uthenga ku mafoni awo. Koma abale inu, kamera imeneyo idali yolongolola kuposa mlamu woledzera! Nthambi ya mango a kunja kwa mpanda ikagwedezeka, foni yalira. Mbuzi za aneba zikadutsa, foni yalira. Mavu atayamba kumanga chisa pambali pake, foni idalira tsiku lonse mpaka batire kutha. Wakuba ndiye sadabwererenso.

Lonjezo, amene adali mphunzitsi, adatopa ndi kusekedwa m'kalasi. Adatsegula chithunzi cha kamera pa foni n'kulemba malire ndi chala, mtengo wa mango ndi mthunzi wake wonse n'kuusiya kunja. «Za pansi pa mtengo zisatikhudze, ife tikufuna za pa geti,» adatero.

Mtendere, dalaivala wa lole, adaona kuti sizikukwanabe. Adatsitsa tcheru la kamera mpaka pansi penipeni, kuti izingonena za chinthu choyenda mwaliwiro. «Wakuba sayenda ngati bilimankhwe,» adatero. Atatero anyamata awiriwo adachotsa mauthenga ku mafoni awo, n'kusiya foni ya mlongo wawo yokha, poti iye amaswera pa desiki.

Siyeni adavomera udindowo, koma mauthenga ochepa otsalawo adali a mbuzi okhaokha. Sabata yoyamba ankatsegula uliwonse. Yachiwiri adazimitsa kulira kwa foni. Yachitatu chala chake chidazolowera kungokankha uthenga osauyang'ana, ngati mmene munthu amapirikitsira ntchentche.

Nthawi yomweyo kumudzi a Kanyumbu adayamba kumva kuti thupi likuwathawa. Adauza akazi awo, a Nangondo, kuti akupita kukapepesa ana a mlongo wawo. Mayiwo adati angoimba foni, koma mkuluyo adakana. «Ndidawanyoza pamaso pa anthu. Mlandu wotere sapepesera m'khutu mwa waya.» Adagwira thadzi loyera, adakwera minibasi, n'kukafikira kwa mnzawo wa mpingo ku Kawale. Maso awo adali ofooka, choncho ankayenda dzuwa lili pamutu n'kubwerera kusanade.

Tsiku loyamba sadayandikire geti, poti wolakwa sathamangira pakhomo. Adaima pansi pa mango n'kuodira katatu, kenaka adakhala pa muzu nkhuku ili pamiyendo. Adakhala pamenepo maola anayi. Kamera idawaona, koma adali kunja kwa malire a Lonjezo, ndipo sidanene kanthu.

Tsiku lachiwiri mayi wogulitsa tomato tsidya la msewu adawamvera chisoni. «Agogo, kadiso ako pamwamba pa geti mukukaona? Kaimeni pamenepo. Eni nyumba kulikonse ali, akuonani pa foni nthawi yomweyo.» Mkuluyo adayenda pang'onopang'ono ndi ndodo yake, adavula chipewa, n'kugwada pa fumbi mawondo akulira. «Lonjezo, Mtendere, iwe Siyeni mayi wanga, ndine malume wanu. Ndidalakwa. Chisoni cha mlongo wanga chidandiledzeretsa. Ndikhululukireni ndisanapite.» Kamera idamva zonse n'kusunga, koma munthu woyenda chonchi tcheru la Mtendere silidamuwerengere.

Tsiku lachitatu adalimba mtima. Adagogoda geti ndi ndodo, adakupiza chipewa m'mwamba, nayo nkhuku idaphupha mapiko. Apa kamera idadzidzimuka n'kutumiza uthenga. Siyeni adauona ukuwala pa desiki. «Mbuzi izi zanditopetsa,» adatero, n'kuukankha. A Kanyumbu adadikira mpaka mthunzi wa mpanda udawafika kumapazi. Kenaka adayang'ana kadiso kaja n'kunena motsitsa: «Ndamva, ana anga. Mwandiyankha.»

Mayi wa tomato sadauze munthu. Iye ankati eni nyumba adaona n'kukana dala, ndipo za pabanja la eni salowerera.

Patapita masiku khumi uthenga wa maliro a amalume udafika. Abalewo adapita ku Linthipe mitima ili youma, kungoti anthu asanene. Mwambo utatha, a Nangondo adawaitanira kuseri kwa nkhokwe.

«Ana inu, munthu wamkulu kukugwadirani masiku atatu, inu kumangomuonera pa foni ngati kanema?»

«Amayi, mukunena chiyani?» adafunsa Lonjezo.

«Adamwalira akuti mudawaona, ndipo mudakana.»

Atabwerera m'tauni adatulutsa kadi ya mu kamera. Zonse zidalimo: muzu wa mango, chipewa m'manja, mawondo pa fumbi, mawu aja onse. Siyeni atamva «mayi wanga», dzina limene amalume ankamutchula ali kamwana pa msana pawo, adagwa pansi n'kulira chokweza. Anyamata adangoti zyoli, osatha kuyang'anana. Adabwereza kanemayo kangapo, ngati kuti ulendo wina geti litseguka. Koma madzi akatayika saoleka.

Loweruka lotsatira adabwereranso kumudzi n'kufotokoza zonse. A Nangondo adamvetsera osadula mawu, kenaka adaloza thadzi loyera lija likupalasa pabwalo. «Nkhuku iyo pano sitingaidye, mwini wake adaipereka kwa inu. Sindikufuna gulu. Mmodzi yekha, amene dzanja lake lidawatsekera geti, aitenge, apite nayo pa manda, akagwade monga adagwadira iwo, akawauze kuti pepani wawo wafika.»

Mukuganiza kuti adayamba kukankhirana? Ayi ndithu, zidali zosiyana, ndipo n'zimene zidavutitsa mlanduwu.

«Ndine,» adatero Lonjezo. «Ndikadapanda kudula mtengo uja pa chithunzi, tikadawaona tsiku loyamba, asanagwade n'komwe. Ndidaiwala kuti mlendo waulemu amadikira pamthunzi.»

«Ayi achimwene, ndine,» adatero Mtendere. «Tsiku limene adalankhula za kumtima kwawo ndi limene ine ndidatseka. Ndidauza kamera kuti woyenda pang'onopang'ono si munthu.»

«Inu nonse mudalakwira makina,» adatero Siyeni misozi ili chuchuchu. «Ine uthenga udafika m'manja mwanga. Amalume adandiitana, ine ndidati mbuzi.»

Adalimbana choncho mpaka dzuwa kupendeka, aliyense akukokera mlandu kwa iye mwini, pakuti aliyense ankadziwa kuti wosagwada pa mandapo adzausenza mpaka imfa. A Nangondo sadasinthe mawu. Nkhuku ndi imodzi, wogwada ndi mmodzi.

Ine wokamba nkhaniyi ndilibe pakamwa poweruzira, chifukwa foni yanga nayonso ndidaizimitsa kalekale, ndipo sindidziwa amene adaodirapo pa geti langa n'kubwerera. Ndiye ndikusiyirani inu amene mwamva. Pakati pa wodula mthunzi, wotsitsa tcheru, ndi wokankha uthenga osauwerenga, ndani adatsekera amalume geti, ndipo ndani anyamule nkhukuyo kupita nayo ku manda?