Sanda Yomwe Inabwera pa Minibasi

Che Twaibu Ndembo anafika pa mzikiti wathu ku Ntaja Lolemba, titangotsiriza swala ya masana. Anaima pansi pa khonde osavula nsapato, envulopu ili m'khwapa, taye ili pakhosi dzuwa lonse lija, nkhope ili ndwii ngati munthu wodzalanda mbuzi yake.

Ine ndine Mwalimu Kalisinje, ndimaphunzitsa ana Qur'an pa mzikitipo, ndipo ndisabise, munthuyu ndinali nditamupsera mtima kale. Bambo ake anamwalira Lachisanu lina m'mamawa. Ife Asilamu sitigoneka maliro, choncho ine ndi Ajasi, mng'ono wake wa Twaibu, tinasambitsa thupi, tinaliswalira itatha swala ya Juma, n'kukaika. Twaibu, yemwe amaphunzitsa Chizungu pa sekondale ina ku Kasungu, anafika Loweruka madzulo n'kupeza mtumbira. Anabwerera m'mawa mwake osamupatsa moni Ajasi, ndipo kuyambira pamenepo ankauza abale kuti iye alibe mng'ono. Sadaka ya masiku makumi anayi inali mawa lake, ndiye apa anabwera ndi kalata.

Shehe Imedi anali atakhala pansi pakhondepo, akumanga ndi chingwe mwendo wogwedera wa jeneza, chonyamulira maliro. Ndi munthu woti anaphunzira zaka zambiri kunja, koma mlendo akhoza kuwatuma madzi.

"Assalamu alaikum, a Shehe."

"Wa alaikum salaam, aphunzitsi. Fikani, mkeka ndi uwu."

"Ndiima chomwechi. Ndabwera ndi dandaulo, ndipo kope lina ndikukapereka kwa akuluakulu a chipembedzo ku boma."

Shehe anapukuta manja pa mkanjo, analandira pepalalo ndi manja awiri, n'kuliyang'ana kanthawi. "Mwalemba m'Chizungu. Pepani, ine chinandidutsa ndili mwana. Tandiwerengereni, mundimasulire."

Twaibu anawerenga mokweza, mawu ake a m'kalasi aja. "The burial should have been delayed until Sunday. I ought to have been informed before Friday. Kutanthauza kuti maliro anayenera kuchedwetsedwa mpaka Lamulungu, ndipo ine ndinayenera kuuzidwa lisanafike Lachisanu. Chipatala chili ndi mochale pompano. Mukanawasunga bambo anga masiku awiri okha, dziko likanagwa? Ndine woyamba kubadwa ine. Ndikufuna Ajasi aime pamaso pa anthu mawa avomere kuti anandilakwira. Apo ayi, pa sadakapo sindipondapo, ndipo ubale wathu wathera pomwepo."

Apo ndinalephera kudzigwira. Kuuzidwa lisanafike Lachisanu! Sabata yomweyo Ajasi anaimba foni katatu ine ndili pompo, kunena kuti bambo afooka, ndipo katatu konse yankho linali loti ndibwera ndikamaliza silabasi. Ndinati, "Aphunzitsi, musatiyese ana. Simunauzidwe inu?"

"Mwalimu," anatero Shehe osandiyang'ana n'komwe, "tandigwirireniko mbali iyo ya jeneza."

Ndinagwira. Pakamwa ndinatseka, koma mumtima ndinali ndikuwira.

Shehe anakoka chingwe n'kumanga mfundo. "Aphunzitsi, mawu aja mwawerenga koyamba, shudi havu bini, mumawagwiritsa ntchito pati?"

"Should have been," anawakonza Twaibu. Tangoganizani, kukonza lilime la nkhalamba yomwe inamupempherera tsiku lomwe anapatsidwa dzina. "Ndi phunziro la Folomu 4 limenelo. Mawu ngati should kapena ought to akaphatikana ndi have been, timanena chinthu chomwe chinayenera kuchitidwa koma sichinachitidwe, ndipo nthawi yake inadutsa. Kumapetoko timaika malire a nthawi, monga until Sunday."

"Zikomo, ndaphunzira. Nanga chinthu chomwe nthawi yake sinadutse, chikadali m'manja, mumati bwanji?"

"Pamenepo timati must be done. Ana ndimawauza tsiku ndi tsiku, the work must be done by tomorrow. Ntchito ichitidwe pofika mawa."

"Mwana akabwera nayo mkuja?"

"Sindilandira. Ana anga amadziwa, nthawi ndi nthawi."

"Ndinu mphunzitsi wabwino," anatero Shehe, ndipo sananene monyoza.

Kuyamikako kunamuputa Twaibu kuposa chipongwe. Anaponya envulopu pamkeka. "A Shehe, sindinabwere kudzaphunzitsa. Bambo anga sindinawaone nkhope. Sindinaponye m'manda mwawo dothi ngakhale dzanja limodzi. Anthu a pamsika anaponya, ogulitsa usipa anaponya, ine mwana wawo ayi. Ndinagula sanda ndine, nsalu zitatu zoyera za mtengo wake, koma pokulunga munakulunga ine kulibe. Chilungamo chake chili pati?"

Ndikuvomera, pamenepo mkwiyo wanga unatsikako pang'ono, koma pang'ono pokha.

Shehe anasiya chingwe. "Za dothi mwanena zoona, ndipo zimawawa. Inenso bambo anga anaikidwa ndili ku maphunziro, mpaka lero zimandiwawa. Koma popeza mwatchula sanda, ndiloleni ndifunse. Bambo anu anakupemphani liti?"

"Atangoyamba kudwala. Patadutsa miyezi itatu ndi pomwe anamwalira."

"Anati chiyani?"

"Anati ndiwagulire sanda."

"Basi?"

Twaibu anayang'ana kumsewu. "Anati ndibwere nayo ndekha."

"Inabwera bwanji?"

Ine ndinkadziwa, chifukwa ndine ndinakailandira pa siteji kwa kondakitala wa minibasi, ili m'jumbo yakuda pamwamba pa matumba a mbatata. Sanda ya bambo ako, kuitumiza ngati ndiwo! Tsiku limenelo ndinachita manyazi ine m'malo mwake.

"Kunali mayeso a pakati pa chaka," anatero Twaibu motsitsa mawu. "Sindikanasiya ana."

"Sindikukuzengani mlandu, aphunzitsi. Koma pali chinthu chomwe Mwalimu ndi Ajasi akudziwa, ndipo Ajasi anatipempha kuti tisakuuzeni poopa kukupwetekani mtima. Lero ndikuuzani, chifukwa kubisako kwayamba kumupweteka iye. Bambo anu sanda anali nayo kale. Anaigula chaka chomwe anamwalira mayi anu, inali m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo ndine ndinawathandiza kuiyeza."

Twaibu anatembenuka kundiyang'ana. Ndinagwedeza mutu kuvomera, chifukwa tsiku la maliro ndinaiona ndi maso anga, yopindidwa bwinobwino.

"Ndiye anandipempheranji ina?"

"Inenso ndinawafunsa chomwecho," anatero Shehe. "Anati, Twaibu ndikamuuza kuti ndamusowa sabwera, ali ndi ntchito. Koma sanda ya bambo ake, imeneyo ndiye abwera nayo yekha. Tsiku lomwe Mwalimu anaitula pakhomo, bambo anu anaisisita, n'kufunsa ngati mwatsalira pa siteji. Kenako anatiuza kuti podzawaika tidzawakulunge m'yanuyo, yawo ija tidzapatse wosauka. Ajasi anachita monga ananenera. Anakulunga bambo anu m'nsalu yanu ndi manja ake, akulira, akutchula dzina lanu."

Twaibu anakhala pansi. Sanakhale pamkeka, anangokhala pa sitepe ya khonde pafumbi, thalauzi la suti lija osalisamala. Patapita kanthawi anayamba kumasula zingwe za nsapato. Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa mkwiyo womwe ndinausunga masiku onse aja unasowa pogwira.

"A Shehe," anatero, "ndiye kalatayi ndiitani?"

Shehe anatola envulopu ija, anaikuntha fumbi, n'kumubwezera ndi manja awiri monga anailandirira.

"Mwandiphunzitsa Chizungu cha mitundu iwiri lero. Choyamba chija, cha zomwe zinayenera kuchitidwa, ndilibe yankho lake ine, ngakhale akuluakulu a ku boma alibe. Manda satsegulidwa ndi kalata. Mukuti tikanakudikirani masiku awiri. Bambo anu anakudikirani miyezi itatu, chifukwa wodikira ndi wamoyo, wakufa sitimudikiritsa. Tsono chachiwiri chija, cha pofika mawa, chimenecho ndiye chikadali m'manja mwanu. Pali wamoyo wina yemwe wakudikirani masiku onsewa, ali kwanu pano akuwaza yekha nkhuni za sadaka. Sanda munaitumiza pa minibasi, aphunzitsi. Moni wa mng'ono wanu musautumize. Mupite nawo nokha."