Jombo ya a Goliati

M'katauni kathu ka kumalire kuno, munthu amene ankadziwa za m'mimba mwa aliyense anali a Goliati. Ndiwo ankayendetsa chigalimoto chopopa zimbudzi: pamsika, m'malo ogona alendo, m'mabala momwe madalaivala a mathiraki amatsitsira zomwe anadya ku Chipata. Ntchito yawo inali kukakhuthula katunduyo kumaiwe a zonyansa, kuseri kwa phiri, kumene madzi amakhalitsa padzuwa mpaka ukali wake utatha.

Koma msewu wa kumaiwe unali maenje okhaokha, ndipo a Goliati ankaukonda msana wawo. Anapeza kakhwawa kuseri kwa mitengo ya bulugama, pafupi ndi msika. Ankaimika galimoto pamenepo dzuwa likuswa mtengo, n'kutsegula payipi, n'kumaimba mluzu.

"Kodi khwawa limenelo limapita kuti?" anafunsa akazi awo, a Luwiza.

"Limapita komwe limapita. Ndine wolemba mapu ine?"

Mkuluyu sankakhulupirira munthu. Chilichonse chawo ankachilemba dzina ndi penti yofiira: mpando, kapu, khasu, ngakhale jombo, iliyonse payokha. Madzi a m'tauni sankawalawa n'komwe. "Anthu a kuno ndimawadziwa m'kati," ankatero. Loweruka lililonse mng'ono wawo Laston ankapalasa njinga kuchokera kumudzi, kwa Zulu, atamanga zigubu ziwiri za madzi a mumtsinje wa makolo. A Goliati ankamwa atatsinzina. "Awa ndiye madzi! Ali ndi kakomedwe. Amalemera palilime."

Mimba ikayamba kulira ngati chigayo, ankati aneba awalodza.

Tsiku lina kutagwa chimvula, anaterereka pakhwawa paja, jombo yakumanzere n'kuvuka, n'kupita limodzi ndi katundu. Anafika kunyumba akutsimphina, nati akuba a masiku ano akuvula munthu ali chiimire.

Nthawi imeneyo kumunsi kwa mtsinje ana anali atayamba kutsegula m'mimba, nsomba zikuyandama chagada, mpiru wa m'madimba ukukula masamba ngati fodya wa kuesiteti. Mayi Betty a zaumoyo anazungulira tauni yonse kusaka wothira zonyansa m'madzi. Wopezekayo ntchito inali kumuthera pomwepo. Kwa a Goliati anafika Loweruka m'mawa. Iwo anawapatsa mpando, nalumbira kuti kumaiwe amapitako mpaka achule akumeneko amawapatsa moni. Mayiyo anawakhulupirira, n'kutseka kope lawo.

Ndiye kunamveka belu la njinga, ngriii! Laston uyo, thukuta kamukamu, nkhope ikuwala.

"Achimwene, malodza! Mtsinje watibweretsera jombo yanu! Inakodwa pamiyala paja timatungira madzi anu. Anthu kumudzi akuti makolo akukuitanani."

Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aione. GOLIATI, zilembo zofiira, kapepala ka m'chimbudzi katamatirira kuchidendene.

"Si yanga imeneyo."

"Nanga inzakeyo?" anatero a Luwiza, akuloza yakumanja ili yokhayokha pakhonde. "Yakhala paumasiye mlungu wathunthu."

Mayi Betty anatsegulanso kope. Kenako anathira madzi a m'chigubu m'kapu ya mwini nyumba, n'kuwapatsira ndi manja awiri, mwaulemu wonse. "Imwani, bambo. Ndamva kuti ali ndi kakomedwe."

A Goliati anayang'ana kapu, anayang'ana jombo. Miyezi isanu ndi itatu yathunthu ankakhuthula Lolemba, n'kumwa Loweruka, n'kumanyambita milomo.

Makiyi a galimoto anawalanda tsiku lomwelo. Lero a Goliati ali kumudzi, jombo zonse ziwiri kumapazi, akuthandiza kukumba chitsime kutali ndi mtsinje pamodzi ndi makolo a ana omwe anadwala aja, ndipo palibe amawapatsa moni. Madzi amawiritsa kawiri, n'kuwanunkhiza asanamwe. Anthu akale analibe mapu, koma ankadziwa komwe khwawa lililonse limathera, nchifukwa chake anati: choipa chitsata mwini.