Masabata Awiri a Bwana Matewere

Bwana Matewere anagula nyumba kutsidya kwa nyanja, koma osati yonse ayi: anangogula masabata awiri okhalamo pachaka. Njovu za ku Liwonde anali asanazionepo, koma zimbalangondo za kwa azungu n'zimene zinkawasowetsa tulo. Nyumbayo itayamba kuwalemera, anaitana kalaliki wawo, Lufeyo.

"Sabata imodzi ugule iwe. Ukakana, ntchito yatha."

Lufeyo anavomera mwaulemu. Matikiti a ulendo wa kunyumbayo, amene ankawagulira bwana anali iyeyo, awiri chaka chilichonse, pomwe madamu kunyumba ankauzidwa kuti bwana ali kumsonkhano.

M'mawa mwake Lufeyo analowa akumwetulira.

"Bwana, kwathu asangalala! Ife nyumba sitigonamo akuluakulu asanaione, ndiye atsogola ndi azakhali. Paja mlendo safunsidwa tsiku lobwerera. Mukawapeza komweko, mukaonere limodzi zimbalangondozo."

"Azakhali akowo ndani?"

"A Nasibeko, amvano anzawo a madamu. Akuti Lachinayi likubwerali akawathokoza pagulu chifukwa cha nyumbayi."

Bwana anadzuka n'kutseka okha chitseko.

"Lufeyo mwana wanga, kumene kuja n'kozizira, azakhali angakadwale. Zisiye. Kodi tchuthi ukufuna masiku angati?"