Mawilo Odziwa Kwawo

Dzonzi anali mkamwini wosauka, koma njinga yakale ya malemu bambo ake inali idakali ndi mawilo ake enieni, achitsulo cholimba. Apongozi ake, a Mwatsika, mkulu wa mpingo, anawasirira.

"Mundigulitse mawilowo, apo ayi musamuke pamudzi pano."

"Sindingakane, bambo. Koma muyambe mwawayesa pamtsetse apo."

Mabuleki Dzonzi anali atawamasula kale. A Mwatsika atangokwera, njinga inaliyatsa liwiro, osaima mpaka pabwalo la Nankhoma, mayi wotcheza kachasu. Zidakwa zinawomba m'manja, amayi a mvano akudutsa pamsewu.

Dzonzi anafika ali wefuwefu. "Ndinaiwala kukuuzani, bambo. Mawilowa kwawo ndi kuno. Ndikawamangirire panjinga yanu?"

A Mwatsika anabwerera wapansi, kudzera m'chimanga.