Chipolopolo cha Mizere Iwiri

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene ankaidziwa mfuti. Izi ndi za kale, nyama zikanali zambiri m'thengo, mbawala zikubwera kudzadya nyemba m'minda dzuwa likuswa mtengo. Yotamu anali ndi mng'ono wake wa bere limodzi, dzina lake Layisoni. Onse awiri anakwatira m'mudzi umodzi, ndipo onse awiri anali ndi mfuti za gogodela, zija zothira onga kukamwa ndi kutsindira ndi kachitsulo.

Amene anaphunzitsa Layisoni kusaka ndi Yotamu yemweyo. Mawu amenewa muwasunge, chifukwa mwini wake ankawanena tsiku lililonse. Anamuphunzitsa kuyeza onga pachikhatho, kuwaza fumbi m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikulowera, kusiyanitsa phazi la gwape ndi la mbuzi yosochera. Masiku amenewo ankamukonda mng'ono wakeyo, ndipo ankamukondadi, poti anali akuphonyabe.

Tsono alenje a kumeneko anali ndi lamulo lawo. Nyama ndi ya amene wayamba kuilasa. Ngakhale aikande pakhutu pokha, magazi akangotuluka, nyamayo ndi yake. Mutu ndi wake, chikopa ndi chake, mchira ndi wake, ndipo wogawa ndi iyeyo. Amene waimaliza amalandira mwendo wamwamba umodzi, basi. Nthawi ya mauta lamuloli silinkavuta, popeza aliyense ankaudziwa muvi wake. Koma mfuti ziwiri zikalira pamodzi, ndani anganene kuti yalasa ndi iti? Choncho aliyense ankalemba zipolopolo zake. Ankazidula okha ku chitsulo, kenako n'kuzikanda ndi tupa. Za Yotamu zinali za mizere iwiri. Za Layisoni zinali za mzere umodzi, poti ndiye wamng'ono. Posenda nyama anthu ankafufuza chipolopolo, chikapezeka mkangano watha.

Zaka zitapita, Layisoni anasiya kuphonya. Sikuti anali ndi maso akuthwa kuposa mkulu wake, ayi. Chimene anali nacho ndi kupirira. Yotamu akaona nyama mtima unkamuthamanga, ndipo ankawombera ali chiimire, ali patali. Layisoni ankagona chamimba n'kuyamba kukwawa. Linthumbwi limulume, minga imubaye, iye ankangokwawabe mpaka atamva nyamayo ikutafuna. Pamenepo m'pamene ankawombera. Nyama ikadzandira n'kuyamba kuthawa, Yotamu ankaimaliza.

Ndiye madzulo onse Yotamu ankalowa m'mudzi ndi mwendo wamwamba paphewa. Lero wa insa, mawa wa nguluwe, mkuja wa mbawala. Anthu a kumudzi mumawadziwa, sachedwa kupereka dzina. Anayamba kumutchula kuti aMwendo. Ankanena moseka, iyenso ankaseka nawo, koma kuseka kwake kunkathera m'mano.

Layisoni sanali womana. Pogawa ankaonjezerapo chiwindi, nthiti, nthawi zina msana wonse, n'kunena kuti, "Izi n'za alamu, achimwene." Mungaganize kuti Yotamu ankathokoza. Chiwindicho ndicho chinkamuwawa koposa. Kumanidwa akanapirira, koma kupatsidwa ndi mwana amene anamuphunzitsa yekha kugwira mfuti kunali kosapiririka. Tisazungulire, munthuyu anali ndi nsanje. Inkamudzutsa m'mawa, inkadya naye m'mbale imodzi. Wina akati, "Nyama ya aLayisoni ndi yonona," iye ankamva ngati amutukwana.

Chaka china m'chilimwe, mwana wamkazi wa Yotamu, dzina lake Esinati, anapeza banja. Tsiku la ukwati linaikidwa, akuchimuna anali oti abwera ambiri kuchokera kutsidya kwa mtsinje. Yotamu anali atalonjeza pamaso pa ankhoswe kuti ndiwo zidzachokera kwa iye. Tsiku lina akudutsa pamtondo anamva amayi akucheza, wina n'kumati, "Ukwati wa Esinati sudzasowa nyama. Si bambo ake aang'ono alipo?" Mayiyo sananene mwachipongwe. Ankangonena zimene aliyense ankadziwa. Yotamu atafika kunyumba sanadye.

Kutatsala masiku asanu, anthu okadula nsungwi anabwera ndi uthenga wakuti kudambo la kumtunda aonako mapazi a ntchefu. Inali yamphongo, yokalamba, yoyenda yokha. Ntchefu si gwape woti n'kumupachika paphewa. Ikagwa, mudzi wonse umapita ndi madengu, ndipo chipolopolo chimafufuzidwa anthu onse akuona. Yotamu anaiona nkhani yonse m'mutu mwake. Anaona akuchimuna akudya n'kumafunsa kuti walasa ndani. Anaona mng'ono wake akuvina pabwalo ndi mchira wa ntchefu m'manja, pa ukwati wa mwana wa iye Yotamu.

Madzulo a tsikulo Layisoni anabwera kudzabwereka tupa. Anakhala pakhonde, anacheza pang'ono, anagwirizana zolawira m'mawa, n'kupita. Atachoka, Yotamu anatsegula kathumba kake ka zipolopolo. Anali atadula zisanu ndi chimodzi. Anapeza zisanu. Anakutumula kathumbako, anasesa pakhonde ndi manja, koma chinalibe.

"Ndiye chifukwa chake," anauza mkazi wake. "Zaka zonsezi ndimati ndi dzanja langa. Mwanayu amatenga zipolopolo zanga kupita nazo kwa asing'anga. Anandimangira mfuti."

"Bwanji osangomufunsa?" anatero mkaziyo.

"Ndimufunse kuti akane?"

Sanamufunse. Kunena zoona, sankafuna n'komwe kumva yankho. Maganizo amenewo anamukomera. Anamuchotsera katundu amene anamusenza zaka zambiri, chifukwa tsopano kuphonya kwake konse kunali ndi mwini wake.

Analawira m'mamawa, awiriwiri. Dzuwa litakwera pang'ono anapeza mapazi pamatope a m'mbali mwa dambo, ndowe zikanali zofunda. Anawalondola mpaka pamene tchire linapsa ndipo msipu unali utayamba kuphuka. Ntchefu inali pomwepo, ikudya mosatekeseka, khosi lili lendelende ngati la ng'ombe ya pangolo. Nyama yoti akuchimuna adye, akhute, ena anyamule.

Layisoni anawaza fumbi. Mphepo inali bwino, inkachokera kunyamako. Ananong'oneza mkulu wake kuti, "Achimwene, inu khalani pachulu pano. Ine ndikwawe mpaka pa mtengo wakugwa uwo. Mukangomva yanga yalira, inunso muwombere pomwepo. Musachedwe ngakhale pang'ono."

Yotamu anangogwedeza mutu. Mumtima anati: wamva? Iye alase, ine ndimalize. Mwendo wamwamba pa ukwati wa mwana wanga.

Anagona pachulupo n'kumamuyang'ana mng'ono wake akukwawa pa phulusa la lupsa. Pang'ono, n'kuima. Ntchefu ikadzutsa mutu, iye phee. Ikaweramanso, iye n'kusendera. Zonsezo anamuphunzitsa ndi Yotamu, ndipo mwanayo ankazichita bwino kuposa mmene iye anazichitirapo. Kuchokera pachulu kufika pamene panali nyama panali patali, ndipo Yotamu ankadziwa. Mlenje aliyense amadziwa pamene gogodela amathera mphamvu. Ankadziwanso kuti akangodikira kanthawi kochepa, ntchefuyo igwa. Koma lamulo silinkanena za kugwa. Linkanena za magazi oyamba.

Layisoni anafika pa mtengo wakugwa uja. Anatsamiritsa mfuti pathunthu, n'kuyamba kuitukula pang'onopang'ono.

Yotamu anawombera.

Chipolopolo chinakalowa pathako. Ntchefu inalumpha, inatembenuka, n'kulowa m'nkhalango ikuthyola mitengo. Layisoni sanawombere, chifukwa chimene ankachiona tsopano ndi mchira ndi fumbi. Yotamu anaimirira pachulu utsi usanathe n'komwe.

"Ndalasa ndine! Waona magaziwo? Ndalasa ndine!"

Layisoni anadzuka, anasansa phulusa pamimba, n'kumuyang'ana mkulu wake.

"Mwalasa ndinu, achimwene," anatero. "Tiyeni tiilondole."

Anailondola tsiku lonse. Poyamba magazi anali ambiri pamasamba, kenako dontho apa, dontho uko. Ntchefu yolasidwa pathako siifa msanga. Imayenda, ndipo imayenda kutali. Tsiku lachiwiri anataya mapazi pamiyala, anawapezanso madzulo pamene inawolokera mtsinje. Tsiku lachitatu sanafunikirenso mapazi. Miimba inawalozera, ikuzungulira pamwamba pa chigwa china.

Fungo linawalandira asanafike. Afisi anali atayamba kale ntchito yawo, mimba ili pululu, nthiti zili poyera, ntchentche zili ng'waa. Zimene afisi anasiya, dzuwa la chilimwe linali litaziwononga. Ngakhale mchira uja panalibe. Yotamu anaima pamenepo atatseka mphuno. Mwa lamulo la alenje, nyama yonseyo inali yake. Panalibe womutsutsa.

Anabwerera. Ukwati unali mawa lake. Atayandikira mudzi, Layisoni anakhala pamwala, chifukwa mfuti yothira onga siinkaloledwa kulowa pakati pa nyumba. Anatenga waya wake wokowera, anakoka chiguduli chotsekera, n'kupendeketsa mfutiyo. Chipolopolo chinagwera m'chikhatho mwake. Anachipukuta pamalaya n'kuchipereka kwa mkulu wake.

"Nachi chanu, achimwene. Pepani, ndinatenga osapempha."

Yotamu anachitembenuza. Mizere iwiri. Anaikanda yekha ndi tupa yake.

"Chinali mumfuti mwako?"

"Ndimafuna anthu akachipeze pamtima pa ntchefu ija posenda. N'chifukwa chake ndinati muwombere pomwepo, kuti mfuti zilire ngati imodzi. Ine ndikanati ndaphonya. Ngakhale inuyo mukanakhulupirira." Anabwezera onga m'kathumba kake, n'kuonjezera kuti, "Esinati ndi mwana wanu. Tsiku lakelo anthu amayenera kutchula dzina lanu."

Yotamu anafumbata chipolopolocho. Anachita manyazi amene sanawachitepo chibadwire. Ndipo ndikuuzeni zoona, poti ine munthuyu sindimuikira kumbuyo: pansi pa manyaziwo nsanje ija inatakatakabe kamodzi, chifukwa anaona kuti mng'ono wake wamuposanso, ulendo uno osati pa mfuti.

Ukwati unachitika. Akuchimuna anadya nyemba ndi nkhwani, ndi nkhuku zitatu zimene mkazi wa Layisoni anapha pa khola lake. Palibe anafa nazo. Koma pobwerera kwawo ankafunsana m'njira kuti, kodi si paja anati mtsikanayu bambo ake ndi mlenje? Esinati anamva, ndipo analira. Anthu atafunsa za ntchefu, Layisoni anangoti inatithawa. Sananene china, tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Yotamu anasunga chipolopolo chija m'thumba la malaya mpaka ukalamba, ndipo nkhaniyi anaiulula ndi iye mwini, mng'ono wake atamwalira.

Tsono inu mwakhala pano, musayang'ane mnzanu, ndikunena inuyo. Alipo wina amene munamugwira dzanja nokha, kumunda, kusukulu, pa makina osokera, ngakhale mu kwaya muno, ndipo lero wakuposani. Dzina lake likatchulidwa, nsanje imakugwirani. Akakupatsani kanthu mumati akudzionetsera. Akakhala chete mumati akukonza chiwembu. Mwagona pachulu, mukumuona akusendera pafupi ndi chinthu chachikulu, ndipo chala chanu chayamba kale kuyabwa kuti muyambe ndinu, ngakhale mukudziwa kuti muli patali. Mukhoza kulasa. Dzina lidzakhala lanu, ndipo adzadya ndi afisi, ana anu akuonerera.

Musanawombere, tsikani pachulupo mukamufunse. Simukudziwa kuti mumfuti mwake waikamo chipolopolo cha yani.