Nalimata ndi Chithunzi cha Pathanthwe

Kudambo kumene nyama zinkamwera madzi kunali thanthwe lalikulu, ndipo mvula ikatsuka chithunzi chakale pankakhala mpikisano wosankha wojambula chatsopano. Aliyense ankayamba wajambula pakhungwa n'kudinda phazi lake m'munsi. Woweruza anali Njati, wopambana anali mlamu wake Njiri. Zinali choncho chaka ndi chaka, chikhalirecho Njiri ankajambula ndi mphuno, moti mtengo umene ankajambula sunkasiyana ndi ndowe.

Nalimata zinkamuwawa kwambiri. Katondo ndi makala ankazidziwa, ndipo ankalakalaka kudzaona ntchito yake pathanthwepo.

Pamsonkhano anati, "A Njati, ena akumanena kuti mumasankha phazi, osati chithunzi. Ine ndimawatsutsa. Bwanji chaka chino tisadinde mapazi, amiseche achite manyazi?"

Posowa pothawira, Njati anavomera. Onse atabalalika, anakokera Njiri pansi pa mkuyu. "Alamu, muike kadontho kofiira pakona." Sanayang'ane m'mwamba, mmene Nalimata anali atamatirira kunthambi.

Tsiku loweruza, makungwa onse anali ndi kadontho kofiira. Njati anati maso akumuyabwa, mpikisano ubwerezedwe.

"Alamu," anatero pansi pa mkuyu pomwe paja, "mupake matope a kudzenje kwanu kuseri kwa khungwa. Ndidzanunkhiza."

Tsikulo makungwa onse ankanunkha Njiri. Njati anati wadwala chimfine.

Ulendo wachitatu anausa moyo. "Basi alamu, musaikenso kanthu. Luso lanu ndimalidziwa. Ndidzangotola chonyansa kuposa zonse." Njiri anathokoza.

Apa Nalimata akanatha kukaulula kugulu, nkhani n'kutha bwino. Koma ayi, kanthu kaja kankafuna thanthwe. Kanapita kwa Njiri. "Achimwene, mtengo wanuwo ukusowa nthambi, imani ndikuikireni." Kanaika nthambi, masamba, mpaka kambalame. Kenako kanaviika mchira m'matope, n'kutsinzina, n'kugubuduka pakhungwa lakelake.

Njati atafika pa khungwalo sanachedwe. "Ichi chili ndi nzeru zakuya. Mwini wake abwere."

Amene anabwera sanali Njiri koma Nalimata, akuseka mpaka mchira kugwedera. Njati anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako nayenso anamwetulira.

"Mwapambana, a Nalimata. Mukajambule chimenechi pathanthwe, osasintha ngakhale kamzere. Ine ndikhala pomwepo kukuyang'anirani."

Kuseka kunathera pamenepo. Nalimata anajambula akulira, ndipo chaka chonse nyama zinkamwa madzi zikukangana ngati chinthucho chinali chule wopondedwa kapena masanzi a fisi. Onse ankadziwa mwini wake.

Chimene chinamupweteka koposa ndi Njiri, amene tsiku lina anaima pathanthwepo, n'kupukusa mutu mwachifundo.

"Koma a Nalimata, mukanandiuza kuti zimakuvutani chonchi, ndikanakuphunzitsani."