Nyimbo ya Sankhulani Idatenga Anyamata

Elube sanagone bwino, ndipo vuto silinali mwana. Anyamata awiri ojambula kanema, ochokera ku Lilongwe, anali atamumva akutonthoza mwana wakeyo, Lonjezo, kumjigo, ndipo anamupempha kuti Loweruka adzawaimbire nyimbo yomweyo, aiike mufilimu yawo. Atawafunsa kuti filimuyo ndi ya chiyani, anangoseka. "Inu mudzangoimba, mayi. Zinazo ndi zathu." Kuseka kumeneko n'kumene kunamusowetsa tulo.

Lachisanu masana anapita kwa amalume ake, a Dzoole, nawapeza pakhonde akuswa mtedza. Anawafotokozera zonse.

"Khala apa, Nangozo," anatero a Dzoole, pomutchula ndi mfunda wake. "Mtedzawu uziswa, osati kudya."

"Ine, amalume? Odya ndi inu, makoko ali pandevupo."

Mkuluyo sanaseke. Anapukuta ndevu, nayamba.

"Kalekale, m'mudzi mwathu muno, msewu uwo udakali kanjira ka ngolo, mudali munthu wina dzina lake Sankhulani, bambo wa amayi anga. Munthu wa kaligo. Kaligo umamudziwa iwe? Chingwe chimodzi basi, kachigoba, ndi kauta kokhwekhwesera. Koma Sankhulani akakhwekhwesa, chingwe chimodzicho chinkayankhula. Paukwati, Sankhulani. Pamowa, Sankhulani. Pamaliro, Sankhulani. Ndipo ankadziwa kuti ndi katswiri, ankadziwa zedi. Kumulangiza kudali kutaya malovu.

"Chaka china kudabwera galimoto ya kanema. Adamanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri, makina n'kumalira, anthu n'kumayenda pansalupo. Koma anthu ake osayankhula. Pakamwa pakuyenda, mawu ayi. Ana adagona, akuluakulu adayamba kubalalika. Sankhulani adangotola kaligo wake. Munthu wa pansaluyo akathamanga, chingwe chikuthamanga. Akagwa, chingwe chikugwa naye. Mkazi akayang'ana kumbali, chingwe chikudandaula, anthu n'kudziwa kuti ooh, mayiyu ali ndi chisoni. Obalalika aja adabwerera, ogona adadzuka.

"Kapitao wa galimotoyo adamutenga kuti aziyenda naye m'midzi. Adamupatsa jekete la mabatani owala. Udamuonapo munthu wovala jekete mu Okutobala, thukuta lili chuchuchu? Ameneyo ndiye Sankhulani.

"Tsiku lina kapitao adati, 'Kwabwera kanema watsopano. Tipekere nyimbo yoti munthu akaimva, mapazi aziyabwa.' Mkazi wa Sankhulani, agogo Nachisale, adamufunsa, 'Bambo a Maliseni, kanemayo ndi wa chiyani?' Iye adangoseka. 'Ine ndimangoimba. Zinazo ndi zawo.'"

Mtedza umene Elube anagwira unagwera pansi. A Dzoole anaona, koma anapitiriza.

"Kanemayo adali wa anthu olemba anyamata opita kumigodi ya ku Joni. Pansalu padali sitima, padali anyamata onenepa, mbale zodzaza nyama, wina akubwerera kwawo panjinga atavala chipewa. Zithunzi chabe, Nangozo. Anthu akadaonera n'kukagona. Koma nyimbo yake, mayo ine! Poyamba ikukokakoka ngati sitima ikunyamuka, kenako ikuthamanga, kenako ikuseka. Kanema atatha, anyamata adaima pamzere kukadinda chala. Kutsogolo kwa mzerewo kudali ndani? Ndani?"

"Maliseni," anatero Elube motsitsa mawu.

"Maliseni, mwana wake woyamba. Adakwera lole akuimba mluzu nyimbo ya bambo ake.

"Kapitao ataona kuti nyimboyo ikukoka anthu, adabwera ndi mzungu wa makina ojambulira mawu. Sankhulani adavala jekete, adaimba ndi mtima wonse, nyimboyo adaiika m'chimbale. Adayenda mudzi wonse akudzitama kuti kaligo wake waloweza Chizungu.

"Tsono zaka zidapita. Ena adabwerako akutsokomola magazi. Ena adabwerako alibe mwendo. Maliseni sadabwere. Kudangobwera mnzake atanyamula bulangeti, n'kunena kuti thanthwe lidagwa pansi pa nthakapo. Kuno adalira maliro opanda mtembo, adakwirira bulangetilo. Agogo Nachisale sadakalipe, sadatukwane. Adangoti, 'Zija udati ndi zawo zija, lero zagona m'nyumba ya yani?'

"Galimoto itabweranso, Sankhulani adavala jekete lake, nakakhala pansi pa chinsalu ngati kale. Sitima yomweyo. Nyama yomweyo. Njinga yomweyo. Koma iye adaimba nyimbo ya maliro. Ukudziwa chidachitika? Anyamata onenepa aja, omwewo, akukweza manja momwemo, tsopano ankaoneka ngati akutsanzika kotsiriza. Sitima ija idasanduka chithatha chonyamulira mtembo. Azimayi adayamba kulira, mmodzi, awiri, bwalo lonse. Palibe adadinda chala."

"Ndiye adapambana, amalume."

"Adapambana? Tsiku limodzi lomwelo. Kapitao adamuvula jekete anthu akuona, adaponda kaligo ndi nsapato, phwa! Ndiye akuti, 'Ukuyesa tikukufunanso iwe? Tili nawe m'bokosimu.' Adaika chimbale chija. Kaligo wa Sankhulani adayamba kuseka, kuseka, mwini wake ali chiimire, manja ali lende.

"Galimoto idazungulira midzi zaka ndi zaka, nyimbo ikuitana ana a eni. Azimayi ankayenda mtunda kuchokera kutsidya kudzalavula pakhomo pake. 'Ndiwe udamuimbira mwana wanga?' Mphepo ikawombera kuno, ankaimva nyimbo yake kuchokera kumudzi wina, n'kutseka makutu ndi manja onse awiri. Sadapangenso kaligo wina. Adamwalira, nyimbo ikuitanabe.

"Ndiye ife a kwa Sankhulani mawu tili nawo, ndipo kuimba timaimba. Iwenso udatengera komweko. Koma sitiimbira chinthu chimene sitidachione ndi maso athu, kuyambira poyamba mpaka pothera. Mawu akalowa m'makina, sakumveranso mwini wake. Wamva, Nangozo?"

"Ndamva, amalume."

Loweruka m'mawa Elube anabereka Lonjezo, napita pabwalo la sukulu pamene anyamata aja anayala zida zawo. Wamtaliyo anali atagwira kale ndodo yokhala ndi cholankhulira kunsonga.

"Afika oimba athu! Imani apa, mayi."

"Ndionetseni kaye filimuyo."

"Aaa, sitinamalize kukonza. Mungotaya nthawi."

"Nthawiyo ndi yanga. Ndionetseni."

Anyamatawo anayang'anizana, kenako wamfupiyo anatsegula kompyuta. Elube anaona atsikana ovala bwino, masutikesi atsopano, ndege. Anaona nyumba zazitali za kudziko lakutali, atsikanawo akupukuta magalasi akumwetulira. Kenako filimu inabwerera kumudzi: mtsikana wina akumasula mwana kumsana, kumupereka kwa mayi ake, iye n'kunyamula sutikesi.

"Nyimbo yanu ilowa apa," anatero wamfupiyo. "Popanda nyimbo pakumvetsa chisoni. Bwana wathu akufuna kuti atsikana akaonera, mtima uzikhala pansi, azilembetsa."

"Nanga pobwerera pali pati?"

"Pobwerera?"

"Pamene akudzamutenganso mwanayo."

"Filimu imathera pomwepa, mayi."

Elube anamangitsa chitenje, natembenuka. Asanatuluke pabwalopo anamva wamtali uja akuitana mtsikana wina amene ankadutsa ndi ndowa. "Asisi! Mumatha kuimba inu?" Mtsikanayo anatula ndowa akuseka.

Lonjezo anayamba kulira. Elube anangomugwedeza, pakamwa ali chitsekere, mpaka anaoloka dambo. Atafika kumene makina aja sakanamva, anamusunthira mwanayo kutsogolo, naika pakamwa pakhutu lake, nayamba kuimba.